Loko Watsopano, Makiyi Atatu

LOLEMBA

M'mawa

Ndapeza chipinda changa! Chili ku Kapata, kuseri kwa nyumba ya amayi Mwale. Chimodzi chokha, koma changa. Chitseko chabuluu, windo limodzi, babu limodzi, ndi msomali umodzi kukhoma umene anasiya amene ankakhalamo kale.

Chichokereni kwathu ku Chipangali kudzayamba sekondale, ndakhala ndikugona pabalaza pa amalume ku Mchini. Pabalaza pa amalume si pabalaza, ndi siteshoni ya basi. Aliyense wakwathu amene ali ndi dzino lowawa, mlandu kukhoti, thumba la soya kapena mwana wosowa malo kusukulu amagona pamenepo. Ndagonapo ndi oliza mkonono, olankhula kutulo, opemphera kolona mokweza tambala asanalire, ndiponso mbuzi imodzi imene inali pa ulendo wa ku ukwati.

Cholinga cha sabata ino n'chimodzi basi: kugona ndekha. Pa matiresi anga, chitseko chotseka, popanda phazi la munthu pamphuno panga.

Chuma changa:
- matiresi atsopano, akadali m'pulasitiki
- bulangeti limodzi
- mbaula ndi mapoto awiri
- mbale ziwiri (sindikudziwa chimene ndagulira ziwiri)
- loko wamkulu wa makiyi atatu

Ndimagwira ntchito m'sitolo ya hadiweya, choncho maloko ndimawadziwa. Uyu ndi amene timagulitsa kwa anthu a magolosale. Wakuba akamuona amangopereka moni n'kudutsa.

Masana

Bwana wandipatsa theka la tsiku kuti ndisamuke. Amalume aumirira kundiperekeza, anyamula okha mbaula. Panjira akuyang'anitsitsa chilichonse: mpope wamadzi, kagolosale ka pakona, mtengo wa papaya umene uli pafupi ndi chitseko changa. Dzina la eni nyumba alifunsa kawiri, n'kumalibwereza chapansipansi. M'chipinda ayendamo uku ndi uku ngati munthu wopima munda, kenako ati, “Muno ndi motakasuka kuposa mmene ndimaganizira.”

Mtima wanga wakhudzika. Sindinkadziwa kuti amandikonda chonchi.

Amayi Mwale ndi aatali, a magalasi, saseka msanga. Andipatsa malamulo ataima, manja m'chiuno. Madzi akuda osataya pakhomo. Wailesi pang'onopang'ono. Ayironi ya magetsi ayi. Ndipo chachikulu: “Alendo ogona sindifuna pano.”

Ndatsala pang'ono kuwagwadira. Lamulo lokoma chonchi sindinalimvepo chibadwire!

Madzulo

Ndapusa. Kuntchito kunali chitini chopindika cha penti wofiira wa pansi, bwana anati nditenge. Ndati ndiyambe moyo watsopano pa simenti yonyezimira. Pachitinipo alemba kuti amauma msanga. Ineyo ndimauza makasitomala zomwezo tsiku ndi tsiku, ndipo lero ndazikhulupirira ndekha.

Sanaume. Matiresi ndawaimika pa njerwa, ndakhoma loko, ndabwerera kwa amalume. Pabalaza ndapeza abambo atatu a nkhani ya thonje, atenga kale sofa ndi mkeka wabwino.

Palibe kanthu. Aka n'komaliza. Mawa!

LACHIWIRI

M'mawa

Khosi likuwawa. Mmodzi wa abambo a thonje amamenya nkhonya kutulo.

Kuntchito kasitomala akufuna “misomali yonga ija ndinagula chaka chatha.” Ndamuonetsa mitundu yonse. Wasankha ya mtundu woyamba umene ndinamuonetsa, ndiye wandiyang'ana ngati ndinamubisira. Sindikwiya. Munthu amene ali ndi makiyi atatu m'thumba sakwiya ndi misomali.

Madzulo

Ndagula dzira limodzi, tomato m'modzi ndi mabanzi awiri. Chakudya cha munthu mmodzi. Ndikuyenda ndikuimba.

Ndikhota pa papaya. Pakhomo panga pali mulu wa matumba, pamwamba pake pakhala munthu akugwedeza miyendo. Ndi Lakisoni, msuweni wanga, mwana wa azakhali.

“Chitseko chabuluu, pafupi ndi papaya,” akutero. “Sindinasochere n'komwe.”

Wabwera kudzagulitsa mtedza. Akuti mtengo wa lero ndi wachipongwe, ndipo masikelo a ogula a m'tauni amadya ndi iwo omwe. Adikira kaye kuti ukwere. Asanamalize kulankhula wapisa m'thumba, watulutsa dzungu lalikulu lochokera kwa amayi anga, wanditambasulira.

Ndalandira ndi manja awiri. Manja amenewa amachita zimenezi okha, mutu usanaganize. Ukalandira dzungu ndi manja awiri, watha.

Kwathu mlendo safunsidwa kuti abwerera liti. Ungamufunse za mvula, za mbuzi, za amene wamwalira, za amene wathawa ukwati. Koma funso limenelo lili ngati kumuponyera katundu panja, ndipo nkhani imakafika kwa amayi iwe usanatseke pakamwa.

Mtedza sungagone panja, kuli akuba. Tautulira m'kati. Penti pakati wauma, m'mphepete ayi. Matumba akakamira pansi, ndipo ndikuona ngati ndi chizindikiro.

Dzira tagawana. Mbale yachiwiri ija tsopano yadziwa ntchito yake.

LACHITATU

M'mawa

Ndadzuka ndi phazi pamphuno. Pa matiresi anga, m'chipinda changa, loko wanga ali pamsomali, phazi la eni.

Lakisoni akuti matiresi ndi abwino koma pulasitiki ikusokosa. Ndamuuza kuti pulasitiki sichoka. Pali zinthu zina zimene munthu ayenera kuimapo.

Akufuna kiyi, poti azituluka kukamva mitengo. N'zomveka. Ndam'patsa. Atsala awiri.

Ndayesa kuzungulira. Ndamufunsa ngati sakudera nkhawa mbuzi zake, poti masiku ano akuba achuluka. Wandigwira paphewa. “Usavutike mtima, msuweni. Mlamu wako angazisamale ngakhale mwezi wathunthu.”

Akuganiza kuti ndimakonda mbuzi zake.

Masana

Ndikufunsa kasitomala aliyense wooneka ngati mlimi kuti mtedza uli bwanji lero. Bwana wandifunsa ngati ndikufuna kusintha ntchito. Sindinayambe ndapemphererapo mtengo wa mbewu. Lero ndaupempherera ndili kuseri kwa matumba a simenti.

Madzulo

Fungo la mtedza wokazinga ndalimva ndili pa mpope. Mbaula yanga ikuyaka, makala anga, ndipo pakhonde pali anthu awiri.

Wachiwiri ndi a Tembo, mnzawo wa malemu bambo, amenenso anandiimira pa ubatizo. Abwera kuchipatala, diso lamanzere lachita nkhungu. Awauza kuti dokotala wa maso aoneka Lachisanu. Abweretsa mbatata. Ndalandira ndi manja angati? Awiri.

Ndawafunsa mwaulemu kuti anapadziwa bwanji pano. Ati, “Chitseko chabuluu, pafupi ndi papaya.”

Mawu omwewo, ngati ndime ya katekisimu. Ndayang'ana Lakisoni. Iye akuyang'ana mtedza.

A Tembo abwera pa njinga. Njingayo akuti sinagonepo panja chigulireni, ndipo siyamba lero. Yalowa. Matiresi ndi a akulu, zimenezo sitikambirana n'komwe. Ine ndi Lakisoni tapeza kampata pakati pa matumba ndi tayala lakumbuyo.

Ndimafuna kukwiya. Koma a Tembo andiyang'ana ndi diso lomwe likuonalo, nthawi yaitali, n'kunena kuti ndimaima ngati bambo anga, mwendo umodzi kutsogolo. Ati bambo akanaona chitseko ichi akanayenda mudzi wonse kuuza anthu.

Ndawapatsa bulangeti.

LACHINAYI

M'mawa

Pedulo la njinga landisindikiza chizindikiro pamsana. A Tembo ali ndi kawailesi kamene kamagwira siteshoni imodzi ndi theka. Thekalo ndi limene amalikonda.

Nawonso akufuna kiyi. Sangamadikire Lakisoni panja ngati mwana. N'zomveka. Amumangirira ku kolona, ali m'khosi. Watsala mmodzi.

Koma lero ndili ndi nzeru. Lole ya kuntchito ikupita ku Chipangali kukatula malata. Ndalankhula ndi a Zulu, adalaivala athu. Ati anthu awiri, matumba ndi njinga akhoza kunyamula popanda vuto. Sindithamangitsa munthu. Ndingotchula kuti kuli lole yaulere. Munthu wakwathu sangamve mawu oti “yaulere” n'kukhala pansi.

Ndamuimbira Lakisoni. Wasangalala kwambiri. Wafunsa kuti inyamuka nthawi yanji. Wafunsanso ngati ibwerera lero lomwe.

Ndati eya, ibwerera yopanda kanthu.

Ndadula foni ndikumwetulira. Ndine wochenjera ine!

Masana

A Zulu aimba foni. Akuti anaima pa papaya, analiza hutala, Lakisoni anatuluka n'kuwapatsa mtedza wokazinga ndi mafuno abwino a ulendo. Sanakwere aliyense.

Funso lija lakuti ibwerera lero layamba kundiyabwa m'mutu.

Madzulo

Ndafika pakhomo limodzi ndi lole. Zimene zatsika:
- asisi Esinati, mlongo wanga wamkulu
- khanda lawo, kumsana
- apongozi awo a asisi, atamanga mpango kuzungulira chibwano
- matumba ena a mtedza wa Lakisoni
- nkhuku yathadzi, yomanga miyendo
- mtolo wa nkhuni (m'tauni muno!)

A Zulu atulutsa mutu pawindo, ati abale anga awafikitsa bwino. Akudikira kuti ndithokoze. Ndathokoza.

Asisi andikumbatira, kenako anditsina m'nthiti. “Lole ikubwera yopanda kanthu, ine ndikhale? Amayi ati ndidzaone ngati ukudya. Sukudya.”

Apongozi awo dzino lawavuta chikololereni chimanga. Akuti anamva kuti tsopano kuli pofikira.

Nkhuku ndalandira. Sinditchulanso za manja.

Tadya pakhonde tonse, ndipo ndinene zoona, ndiwo za asisi zikukoma ngati za amayi. Mbale zitatsukidwa yakwana nthawi yogona. Mwamuna sagona chipinda chimodzi ndi mlongo wake, nanji pamene pali apongozi a mlongoyo. A Tembo aimirira okha, atenga kawailesi kawo. Lakisoni watola matumba opanda kanthu oti tiyale. Ine ndaima pakhomo ngati munthu woperekeza maliro a matiresi ake.

Njinga ili m'kati. Mtedza uli m'kati. Nkhuku ili m'kati.

Ine ndili panja, mwezi wa Juni.

LACHISANU

M'mawa

Mphepo ya m'mapiri a Chipata sindinkaidziwa bwino. Tsopano tadziwana. Bulangeti langa afunda a Tembo. Ine ndi Lakisoni tafunda thumba la feteleza, ndipo iye watenga mbali yaikulu.

Zovala zantchito zili m'kati. Ndaima pa chitseko changa, chabuluu, n'kunena kuti “Odi.” Pakhomo panga! Andiyankha kuti ndidikire, apongozi akuvala. Ndadikira. Kenako windo latseguka, dzanja la asisi latulutsa buluku. Ndi la kutchalitchi. Ndati si limeneli. Dzanja labwerera, latulutsa kabudula. Ndatenga la kutchalitchi.

Pawindo pomwepo ndaona matiresi. Pulasitiki palibe. Asisi akuti anaichotsa kuti afunditse ufa, ndi pulasitiki yabwino, yosayenera kuonongeka pansi pa munthu. Khanda nalo lachita mbali yake usiku. Matiresi abatizidwa ine ndisanawagonere ndekha n'kamodzi komwe.

Ndafika mochedwa kuntchito. Bwana wayang'ana wotchi, wayang'ana buluku la kutchalitchi, wafunsa ngati ndikupita kukafunsira ntchito kwina. Mnzanga wa pakauntala akuti kumsana kwa shati yanga kuli penti wofiira wooneka ngati mapu.

Masana

Ndikupima waya wa kasitomala, mwadzidzidzi ndakumbuka. Amayi Mwale! Lamulo lija! Ine sindingathamangitse munthu, koma eni nyumba angathe. Iwo si akwathu, amayi sangawaimbe mlandu. Ine ndidzangoima pambali ndi nkhope yachisoni, mwinanso kupepesa pang'ono.

Ndam'patsa kasitomala waya wopitirira chifukwa cha chimwemwe.

Madzulo

Ndazungulira kuseri kuti asandione. Ndapeza amayi Mwale akhala pamkeka, magalasi ali pamphumi, akusenda mtedza ndi apongozi a asisi. Akuseka mpaka kugwirana manja. Amayi Mwale amaseka! Zapezeka kuti onse ndi a mfunda umodzi, ndipo agogo awo a amayi Mwale anachokera kufupi ndi kwathu. Ayamba kale kutchulana “achemwali.”

Ndawaitanira pambali. Ndagwetsa nkhope, ndanong'ona kuti lamulo lawo ndaliphwanya, ndikudziwa kuti akwiya, ndipo akaganiza zowauza alendowo kuti achoke, ine ndimvetsa. Ndabwereza kuti ndimvetsa ndithu.

Andiyang'ana pamwamba pa magalasi. “Lamulo lija n'la atsikana, mwanangu. Awa ndi abale.”

Akuti amene ankakhala m'chipindamo kale sankabwera ndi munthu n'mmodzi yemwe, ngati anagwa kuchokera kumwamba, ndipo iwo ankachita naye mantha. Ine ndiye mwana woleredwa. Pofuna kundithandiza, atsegula kanyumba kawo kosungiramo makala kuti amuna tizigonamo. Ati mukhoza kukwana ena awiri atabwera.

Atabwera!

Nkhani za tsikuli:
- Dokotala wa maso sanabwere. Akuti Lolemba. A Tembo ati palibe chothamangira, diso linalo likugwira ntchito.
- Apongozi anafika mpaka pampando wa dokotala wa mano, anaona zitsulo, dzino linasiya kuwawa. Adikira kuti liyambirenso, kusiyana n'kuti apite kumudzi n'kubwereranso.
- Mtengo wa mtedza wakwera pang'ono. Pemphero langa layankhidwa. Lakisoni akuti munthu wogulitsa pamene mtengo wayamba kukwera ndi chitsiru.

Titadya asisi atambasula dzanja. Ati ine ndimakhala kuntchito tsiku lonse, kiyi ndikuchita naye chiyani? Ndawapatsa kiyi womaliza. N'zomveka. Chovuta ndi abale anga n'chakuti zonse zimene amanena n'zomveka.

LOWERUKA

M'mawa

Ndadzuka wakuda ngati wogulitsa makala. Koma m'kanyumba ka makala mulibe mphepo, ndiyamike pamenepo.

Cholinga ndachichepetsa. Usiku wathunthu ndausiya. Ndikungofuna katulo ka masana, ndekha, pa matiresi anga, ngakhale mbali imene sinanyowe. Lero tiweruka masana, ndipo ndafufuza mochenjera za aliyense. Asisi, apongozi ndi amayi Mwale akupita kumsika kukaona zitenje. A Tembo akupita kukalapa ku parishi, ndipo iwo akalowa mmenemo satuluka msanga. Lakisoni akukaonera mpira pa kanema.

Chipinda chikhala chopanda munthu!

Masana

Chilibedi munthu. Ndi chokhoma.

Ndaima n'kumayang'ana loko. Ndamukoka. Ndamugwedeza. Ndikudziwa kuti satheka, ndinadzigulitsa ndekha. Ndaimbira Lakisoni, foni yake ikulira m'kati, ili pa chaja. Ya asisi ndi yozima. Kiyi wa a Tembo ali m'khosi mwawo, pamaso pa ansembe.

Pawindo ndikuwaona matiresi. Dzuwa likuwawala bwino. Nkhuku yakhalapo.

Ndakhala pakhonde.

Posakhalitsa pafika bambo wina wa chipewa, chikwama paphewa, kathumba m'manja. Wayang'ana papaya, wayang'ana chitseko, wagwedeza mutu ngati wapeza yankho la samu. Wandipatsa moni, wakhala pambali panga. Ndi wa kutsidya kwa mtsinje kwathu, sitidziwana. Wabwera kudzatenga chitupa china, choyamba chinapsa ndi nyumba.

Wandifunsa ngati inenso ndikudikira eni nyumba. Ndayang'ana loko, ndati eya.

Wafunsa kuti ndinabwera liti. Ndati Lolemba.

“Ndiye ndi munthu wabwinodi,” akutero. “Sabata yathunthu osakuthamangitsani.”

Ndamufunsa kuti anamva kwa yani za munthu wabwinoyu. Akuti iye anafikira ku Mchini, monga amachitira aliyense wakwathu. Abambo a kumeneko anamulandira pageti, anam'patsa madzi akumwa, anamufunsa za kumudzi bwinobwino. Kenako anamuuza kuti masiku ano pofikira panasamuka. Mwana wa mlongo wawo wakula, wapeza nyumba ku Kapata, yotakasuka. Chitseko chabuluu, pafupi ndi papaya, kwa amayi Mwale. Anamuitaniranso wa njinga n'kumufotokozera njira.

Amalume.

Mbaula ija ananyamula okha. Dzina lija ankalibwereza chapansipansi. Ine n'kumati chikondi!

Ndikadali chikhalire, kukamwa kuli yasa, bamboyo wati ndimugwirireko kaye kathumba amange chingwe cha nsapato. Ndagwira. N'kolemera, kozungulira. Nthawi yomweyo asisi atulukira pa papaya ndi zitenje, akufuula kuti n'chifukwa chiyani mwini nyumba wakhazika mlendo panja.

Bamboyo wayang'ana ine, wayang'ana dzungu lili m'manja mwanga, manja onse awiri. Wavula chipewa.

“Ndiye mwalandira kale,” akutero.

LAMLUNGU

M'mawa

Ku Misa tapita tonse, mzere wautali ngati mphakati wathunthu wa akhristu. Ine kutsogolo, buluku la kuntchito, poti la kutchalitchi ndinalidetsa Lachisanu. Amayi Mwale akuuza aliyense kuti awa ndi a mwana wawo wa kuseri.

Ulaliki sindinaumve. Ndimakonza mawu okawauza amalume. Ndawakonza bwino, ali ndi poyambira, pakati ndi pothera. Muli ulemu, koma mulinso minga.

Titabwerako ndagogoda pakhomo panga, ndapempha mswachi wanga kudzera pawindo. Ndatenganso dzungu la bambo wa chipewa. Asisi afunsa kumene ndikupita. Ndati kukaona amalume. Ati ndiwapatse moni, ndipo pobwera ndigule mchere, watha.

Masana

Ku Mchini ndafika pageti n'kuyamba kukayika ngati ndi nyumba yomweyi. Pachingwe palibe matewera a eni. Pakhonde palibe njinga, palibe thumba, palibe nsapato zamatope. Pabalaza posesa, pa sofa ayalapo tinsalu toyera timene sindinationepo zaka zonse ndakhala pano. Amalume agona chagada, miyendo pa kampando, wailesi ikulankhula pansipansi. Aoneka ngati achotsako zaka khumi.

Ndakhala pansi, ndapereka moni, ndayamba mawu anga. Ndangofika pa poyambira.

“Alendo akupeza?” afunsa, maso ali kudenga.

Ndati andipeza. Onse. Palibe amene wasochera.

Agwedeza mutu mokhutira. Ndiye adzuka pang'ono, achepetsa wailesi.

“Ine ndinayambanso ndi chipinda chimodzi. Woyamba kugona pabedi langa anali bambo ako, anabwera kudzagulitsa fodya. Ine ndinagona pansi pa tebulo.” Akanda chibwano. “Wina anabwera ndi kathumba ka mabuku ndi nkhuku, amayi ake anati ndi wa temu imodzi. Wachoka Lolemba lapitali.”

Pakati pa mawu anga ndi pothera pake sindikudziwa kumene zapita. Minga yonse yagwera m'kati.

Akazi awo a amalume alowa ndi tiyi. Ndaimirira, ndatenga dzungu, ndawatambasulira. Alandira ndi manja awiri, akuthokoza. Kenako maso awo agwera pa mswachi umene ukusuzumira m'thumba la shati yanga. Ayang'ana dzungu. Ayang'ana amalume. Amalume ayang'ana kudenga, ndipo mapewa awo akugwedezeka.

Tinsalu toyera tija akazi awo achotsa okha pa sofa, apinda, abweretsa bulangeti.

Madzulo

Chuma changa, monga chilili lero:
- matiresi, ali ndi asisi, apongozi, khanda ndi nkhuku
- bulangeti, lili ndi a Tembo
- mbaula, mapoto, mbale ziwiri: zikutumikira mtundu
- loko wamkulu wa makiyi atatu, wolimba kwambiri, wandiletsa ine ndekha kulowa
- mswachi

Mchere ndikatumiza mawa ndi a Zulu. Ayi, a Zulu ayi. Lole imeneyo isayandikirenso pa papaya.

Dzuwa likulowa, kwamveka “Odi” pageti. Ndamva amalume akukoka masilipasi kupita konko, moni wautali, za mvula, za mbuzi, madzi akumwa. Kenako mawu awo, odekha ngati a katekisiti: “Chitseko chabuluu, pafupi ndi papaya.”

Sindinadzuke. M'kanyumba ka makala mwatsala malo anga, akagonapo. Asisi alandira dzungu.

Sofa ndi yomwe ija, chitsulo chake chikundibaya m'nthiti pomwe chimandibaya kale. Pabalaza ponse pali ine ndi wotchi ya kukhoma. Palibe mkonono, palibe pedulo, palibe phazi. Lero ndigona ndekha.

Sanandifunse kuti ndibwerera liti. Sangandifunse.